Kutsegula tchoki pa chifefe cha mapaipi awiri, posaka fezanti ndi nkhwali

Mbalame imene inandiyambitsa kuganiza za tchoki, kutsina kwa pakamwa pa paipi ya mfuti, inali fezanti yaimuna, mbalame yokula ngati nkhuku ya mchira wautali, kuno kumpoto kwa England, mwezi wa November. Inadzuka pamphuno penipeni pa galu, mwina mapazi 15 kuchokera pomwe ndinaima, ndinawombera ndi paipi yakumanja nkuphonya, yachiwiri ndinaipeza koma titakaitola nganga yonse inali itanyenyeka, nyama yoti sungaike mumphika. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ife tinakula tikudziwa kuti chimene wapha udye, kuyambira nthawi ya legeni ndi njiwa zakudimba. Mkulu amene ndinkasaka naye anangotenga mfutiyo, kuyang'ana kukamwa kwake, nkundiuza kuti mfutiyi ndi yabwino koma inapangidwira mbalame zakutali, iwe ukusaka zapafupi.

Nde ndikufuna ndifotokoze mmene ntchito yotsegula tchoki imayendera pa chifefe cha mapaipi awiri ogundana chammbali, side-by-side ija, kuyambira poyeza mpaka pomaliza. Ndinene poyambirira kuti mfuti ikhale yanu, yokhala ndi ziphaso zonse, ndipo mudziwe malamulo a komwe muli. Kuno ku Britain pamafunika shotgun certificate yochokera kupolisi, ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limati ntchito ngati kusintha kutalika kwa paipi kapena kalibala ndi ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi layisensi basi. Ndipo zodula paipi kuti tchoki ichoke, zimenezo iwalani. Mukuwononga mfuti, ndipo mukadutsa malire mwapalamula mlandu waukulu, ku Britain paipi isafupike kuposa mainchi 24, ku America 18.

Tchoki nchiyani kwenikweni

Munathirirapo dimba ndi paipi yamadzi eti? Mukatsina kukamwa kwake madzi amapita patali ali pamodzi, mukasiya amagwera pafupi. Azungu amalemba choke, ndipo ndi kutsina komweko koma kwa chitsulo, mainchi awiri kapena atatu omaliza a paipi amakhala ochepera pang'ono mkati kuti machaka, tinjere ta mtovu tija, asamwazike msanga. Nkhaniyi ndi yakale, W. R. Pape wa ku Newcastle anatenga patenti yake mu 1866, ndipo W. W. Greener wa ku Birmingham ndi amene anaitchukitsa mfuti zake zitapambana pa mayeso a magazini ya The Field mu 1875.

Muyezo wake ndi waung'ono zedi, timawerenga ma thou, thou imodzi ndi inchi yogawidwa ka 1000. Pepala la mu printer ndi pafupifupi ma thou 4. Pa 12 bore, saizi ya chifefe yofala kwambiri ija, mkati mwa paipi mumayenera kukhala 0.729 inchi, kapena kuti mamilimita 18.5, ndiye tchoki ndi kusiyana kwa mkatimo ndi pakamwa. Kawerengedwe ka kuno: palibe kutsina ndi true cylinder, ma thou 5 ndi improved cylinder, 10 ndi quarter, 20 ndi half, 30 ndi three-quarter, 40 ndi full. Full yonseyo ndi milimita imodzi yokha basi. Anzathu a ku America maina awo ndi ena, imene ife timati quarter iwo amati improved cylinder, half amati modified, nde mukamawerenga pa intaneti muziona kaye kuti wolembayo ali mbali iti ya nyanja, anthu ambiri amasokonezeka pomwepa nkuuza mmisiri dzina lolakwika. Pa 16 bore ndi 20 bore manambala amatsikako chifukwa paipi yake ndi yaing'ono kale.

Pa mfuti ya matiriga awiri, tiriga yakutsogolo imaliza paipi yakumanja imene nthawi zambiri ndi yotseguka, yakumbuyo imaliza yakumanzere yotsina. Ubwino wa mfuti zimenezi ndi womwewu, matchoki awiri ali mmanja mwanu nthawi imodzi, mbalame ikadzukira patali chala chimangopita kumbuyo. Vuto ndi loti zambiri zimene timagula zakale, za ku Birmingham, za ku Eibar ku Spain, za ku Belgium, ma Baikal a ku Izhevsk ku Russia, zimabwera half ndi full kapena three-quarter ndi full. Zina zinapangidwa nthawi ya makatiriji a pepala okhala ndi wadi ya felt, kotsekera kamene kamakhala pakati pa wonga ndi machaka, pomwe kuyambira zaka za m'ma 1960 kunabwera wadi ya pulasitiki yokhala ngati kakapu imene imateteza machaka kuti asaphwanyike mmbali, ndiye mfuti yomweyo lero imaponya mothina kuposa mmene anaipangira.

Choyamba, dziwani mtunda umene mumaphera mbalame

Musanagwire chida chilichonse, tengani nyengo imodzi kapena maulendo angapo mukuwerenga mapazi. Mbalame ikagwa, yendani kuchokera pomwe munaima mpaka pomwe inali pamene mumawombera, muzilemba mu foni. Ambirife timaganiza kuti timawombera pa mayadi 40, koma mukawerenga mupeza kuti posaka moyenda ndi galu zambiri zimagwa pakati pa 18 ndi 30. Pa mayadi 20 full imamwaza machaka pamalo pafupifupi mainchi 16 mulifupi, cylinder pafupifupi 32, kawiri kake. Ndi chifukwa chake ndi full pafupi mumaphonya kapena mumaphwanya, palibe pakati.

Mtundu wa mbalame nawonso umalamula. Woodcock mmitengo yothithikana imakupatsani sekondi imodzi, imeneyo ikufuna cylinder kapena improved cylinder kumanja, quarter kumanzere. Fezanti ndi partridge, nkhwali za kuno, poyenda ndi galu mmalire a minda, ine ndimaona quarter ndi half kukhala yabwino kwambiri, ndipo ndi yomwe ndinasankha. Koma amene mumasaka nkhanga ku mafamu a ku Free State kapena kwina kumwera kwa Africa mukudziwa kuti nkhanga ndi yochenjera, imathamanga kaye nkudzukira kutali, ndipo nthenga zake ndi zolimba, nde ngati mfuti yanu ndi half ndi full mwina musaigwire nkomwe, kapena tsegulani yakumanja yokha ifike quarter chifukwa cha nkhwali ndi zinziri, yakumanzere muisiye. Sikuti mapaipi onse awiri ayenera kusinthidwa ayi.

Chachiwiri, yezani, osakhulupirira zolembedwa

Pansi pa mapaipi, mukachotsa kathabwa kakutsogolo nkumasula, mupeza zidindo. Za ku Italy ndi ku Spain zambiri zimakhala ndi nyenyezi, imodzi ndi full, zitatu ndi half, zinayi ndi quarter, koma za Browning za ku Belgium nyenyezi zake zimawerengedwa mosiyana, ziwiri ndi half, zitatu ndi cylinder. Za ku England zakale zimangolembedwa CHOKE osanena kuchuluka kwake, ndipo mukaona NOT FOR BALL dziwani kuti mfutiyo inayezedwa pakati pa 1875 ndi 1887, imeneyo ndi agogo, pitani nayo kwa katswiri musanaganize chilichonse. Chidindo chimangonena mmene mfuti inalili tsiku lotuluka ku fakitale. Pazaka 60 kapena 100 yadutsa mmanja mwa anthu angati, ndani akudziwa amene anapalamo kale.

Palinso kachitsulo kooneka ngati karoti kokhala ndi mizere kamene amakalowetsa kukamwa nkuwerenga kuti half kapena full. Kamathandiza pongofuna chithunzithunzi koma kamanama, chifukwa kamayeza pakamwa pokha osadziwa mkati mwa paipi. Tiyerekeze pakamwa pali 0.709. Ngati mkati muli 0.729 imeneyo ndi half, koma ngati mkati munapalidwa kufika 0.739 ndi three-quarter, ndipo ngati ndi mfuti ya paipi yothina ya 0.719 ndi quarter chabe. Pakamwa pamodzimodzi, matchoki atatu osiyana. Nde chida choyenera ndi bore gauge, chimalowa mkati nkuyeza ponseponse, mumayeza mainchi angapo kumbuyo kwa tchoki, kenako mukukoka pang'onopang'ono mpaka kukamwa mukuona singano ikusuntha. Lembani zinthu zitatu pa paipi iliyonse: mkati, pakamwa, ndi kutalika kwa tchoki, pomwe yayambira kuchepa ndiponso ngati ili ndi kagawo kowongoka kumapeto. Yezaninso mozungulira, chopingasa ndi choimirira, chifukwa pakamwa pena pamakhala popwadika ngati dzira mfuti ikagwapo.

Pomwepo muyezenso kukhuthala kwa chitsulo cha paipi. Amisiri a kuno sakonda kuona paipi yopyapyala kuposa ma thou 20 pena paliponse. Onani ngati muli dzimbiri lodya chitsulo, potupa kapena pophwanyikira mkati. Kolekani mapaipi pa chala ndi kambedza kake kapansi nkuwagogoda ndi chikhadabo kapena pensulo, akalira ngati belu ndiye kuti tizitsulo tapakati tomata mapaipi awiriwa tili bwino, akalira ngati chitini chong'ambika pena pamatuka ndipo zimenezo zikonzedwe kaye. Onaninso chemba, mmene mumalowa katiriji, mfuti zambiri zakale za ku England ndi za mainchi 2½, mamilimita 65, musaikemo katiriji ya 70 poyesa.

Chachitatu, pepala

Apa ndi pomwe anthu amachita ulesi, koma ndi pomwe pali nkhani yonse. Tchoki yeniyeni si nambala ya pa chitsulo, ndi zimene machaka akuchita akafika pa mbalame. Pezani mapepala akuluakulu osachepera mita imodzi mbali zonse, kapena makatoni a firiji, pitani pamalo ololedwa kuwombera pomwe kumbuyo kuli chulu kapena khoma la dothi, yezani mayadi 40 ndi tepi, ndi mamita 36 ndi theka. Womberani pakati, kenako jambulani bwalo la mainchi 30, masentimita 76, pomwe machaka achuluka kwambiri, osati pomwe munaloza, jambulani mutawombera kale. Werengani mabowo mukuchonga ndi peni.

Katiriji ya magalamu 28 ya nambala 6 ya ku England imakhala ndi machaka pafupifupi 270, koma ndi bwino kutsegula imodzi mosamala kumutu kwake nkuwerenga nokha, chifukwa nambala 6 ya ku America kapena ku Italy ndi yokulirapo ndipo amakhala ochepa. Mabowo a mu bwalo mugawe ndi machaka onse. Maperesenti 40 ndi cylinder, 50 improved cylinder, 55 quarter, 60 half, 65 three-quarter, 70 full. Nde pa 270 paja, mabowo 135 ndi improved cylinder, 162 ndi half, 189 ndi full. Kuwombera kamodzi sikukuuzani kanthu, kumasiyana kwambiri, chitani kasanu pa paipi iliyonse, kakhumi ngati muli ndi mapepala ndi mtima, nkutenga pakati pake. Ndikudziwa kuti kuwerenga timabowo 1500 madzulo amodzi nkotopetsa, itanani ana akuthandizeni, amakonda.

Mukatha pa 40, bwererani pa mtunda wanu weniweni uja, kaya 22 kaya 25, muwombere kangapo nkuyang'ana ndi maso. Kodi bwalo ladzaza mpaka mmbali, kapena zonse zaunjikana pakati ngati mbale? Kodi pali mipata yoti nkhwali ingadutsemo osakhudzidwa? Ine ndimadula katoni kukula ngati thupi la nkhwali nkumayendetsa papepalapo, paliponse ndikaika pazikhala mabowo atatu kapena anayi.

Chinanso chofunika zedi pa mfuti ya mapaipi ogundana, onani komwe paipi iliyonse ikumenya. Mapaipi awiriwa sanamatidwe mofanana ngati njanji, amayandikirana chakutsogolo kuti onse akamenye malo amodzi patali. Tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, jambulani kadontho, womberani pa mayadi 15 kapena 16 katatu kumanja papepala limodzi, katatu kumanzere pa lina. Sungani mapepala amenewa, lembanipo tsiku, chifukwa ntchito ikatha mudzafuna kufananiza. Ngati paipi ina ikumenya pambali kale, muuzeni mmisiri, alipo odziwa kupala tchoki mopendeketsa dala pang'ono kuti abweze, koma imeneyo si ntchito yophunzirira pa mfuti imene mumaikonda.

Musanadule, sinthani katiriji

Pali njira yotsika mtengo yoti muyese kaye. Katiriji ya wadi ya fibre nthawi zambiri imamwaza motseguka kuposa ya pulasitiki, ndipo mafamu ambiri kuno amafuna fibre kale chifukwa cha ziweto. Mtovu wofewa umamwazika kuposa wolimba, machaka ang'ono kuposa akulu. Palinso ma spreader, makatiriji okhala ndi kanthu mkati komwaza machaka msanga, amatha kutsitsa tchoki sitepe imodzi kapena kuposa. Ngati mfutiyo ndi ya dzina, Purdey, Holland & Holland, kapena Parker ndi A. H. Fox za ku America, kapena ndi ya malemu bambo anu, ine ndingati yambani ndi zimenezi, chifukwa ogula mfuti zotere amafuna zili mmene zinatulukira ndipo mtengo umatsika mukapala. Chitsulo mukachichotsa sichibwereranso.

Koma pali chinthu chimene chikukankhira anthu ambiri kutsegula tchoki masiku ano, ndi machaka a chitsulo. Mu February 2020 mabungwe a alenje kuno, BASC ndi anzawo, analengeza kuti pazaka zisanu anthu asiye mtovu, ku America mtovu unaletsedwa pa abakha kuyambira 1991 ndipo ku California unaletsedwa pa kusaka konse mu 2019. Chitsulo sichifinyika ngati mtovu, chikafika pa tchoki yothina chimakankha khoma, pamatha kutuluka kachotupa kozungulira kumbuyo kwa kamwa, ndipo pa side-by-side kachotupako kamatha kumatula tizitsulo tapakati tija. Malangizo a kuno ndi oti pa mfuti zopepuka zachikale standard steel, makatiriji a machaka a chitsulo a mphamvu wamba, isadutse mu tchoki yoposa half, ndipo high performance steel, yamphamvu kwambiri ija, ndi ya mfuti zokhala ndi chidindo chooneka ngati duwa cha fleur-de-lys zokha. Chitsulo chimaponyanso mothina kuposa mtovu, nde quarter imatha kuchita ngati half. Mapaipi a Damascus, aja a maluwamaluwa, musaikemo chitsulo, gulani machaka a bismuth, ofewa pafupifupi ngati mtovu, ngakhale ndi odula.

Ntchito yeniyeni ya reamer

Ndinene maganizo anga poyera: kwa anthu 9 mwa 10 pitani kwa mmisiri wa mfuti. Mtengo wotsegula mapaipi awiri nthawi zambiri sufika mtengo wa zida zimene mungagule kuti muchite nokha kamodzi. Komabe muyenera kudziwa mmene imachitikira kuti mudziwe zomufunsa, ndipo amene muli ndi manja a ku lathe kapena ku garaja, malamulo akwanu akulola, muyambe pa mapaipi otayidwa.

Funso loyamba, kodi mkati mwa paipi munakutidwa ndi chrome, chitsulo chonyezimira chija? Mfuti zambiri za ku Italy, za ku Turkey ndi ma Baikal zili nayo. Chrome ndi yolimba kuposa reamer wamba, chida cha mano chopalira mkati mwa bowo, imabunthitsa mano nthawi yomweyo ndipo imatha kusupuka moipa, pamafunika ya carbide kapena kuyamba kupala ndi miyala. Amisiri ena amakana, ena amawonjezera mtengo, zonse nzomveka.

Funso lachiwiri ndi lalikulu, mulowera mbali iti? Yankho lomwe mukufuna kumva ndi loti kumbuyo, ku chemba, ndi ndodo yaitali yokhala ndi ma bushing, timphete totsogolera, okwana bwinobwino mkati mwa paipi kuti reamer iyende pamzere weniweni wa paipiyo. Kulowera kukamwa nkosavuta ndipo nkofulumira koma reamer ilibe chotsamira, ikangopendeka pang'ono ndiye kuti tchoki yaloza kwina. Mnzanga wina anachita zimenezi pa mfuti yake ndi reamer yogula pa intaneti, kulowera kutsogolo, dzanja limodzi, ntchito inaoneka yosalala bwino koma papepala paipi yakumanja inayamba kumenya pafupifupi phazi lathunthu kumbali pa mayadi 30. Nyengo yonse ankangovulaza mbalame kumchira, galu kumavutika kuthamangitsa, mpaka anasiya kuigwiritsa ntchito. Ndinamumvera chisoni chifukwa inali mfuti yake yoyamba.

Ndondomeko yake ili motere. Onetsetsani kuti mulibe katiriji, chotsani kathabwa kakutsogolo, masulani mapaipi, tsukani mkati mpaka mtovu ndi pulasitiki zonse zichoke, makamaka pa tchoki pomwe zimaunjikana nkunamiza muyezo. Mangani mu vayisi yokhala ndi chikopa kapena matabwa ofewa, mugwire pa zitsulo zokhuthala zapansi kumbuyo, osafinya mapaipi enieniwo, amaphwanyika mosavuta kuposa mmene mukuganizira. Reamer yake ndi ija yosinthika, ya mano oyenda ndi manati awiri. Ichepetseni mpaka ingodutsa pa tchoki osadula, kenako muikuze pang'ono kwambiri, muyeze ndi micrometer. Thirani mafuta odulira zitsulo ambiri, osaumira. Zungulizani ndi manja, osati ndi drill, mbali imodzi yokha ngati mmene wotchi imayendera, ngakhale potulutsa musabweze mmbuyo chifukwa mano amabenthuka ndipo amakanda khoma. Ulendo umodzi muchotse ma thou 2 kapena 3 basi. Mukamva ikunjenjemera kapena kulira mwadya kwambiri, imani. Tulutsani, pukutani tizidutswa tonse mu paipi ndi pa mano, yezani, lembani, kenako mubwerezenso.

Kumbukirani kuti mukakuza ndi ma thou 10 mwachotsa 5 mbali iliyonse ya khoma, nde zimapita msanga, maulendo anayi okha mwatsika kale sitepe yathunthu.

Ndipo musafike pa nambala imene mukufuna ulendo woyamba. Ngati mukuchokera pa 38 ndipo mukufuna 20, imani pa 25 kapena 26, salazani, tsukani, pitani kupepala ndi katiriji yomwe muzisakira. Nthawi zambiri mupeza kuti maperesenti 60 afika kale, kapena atsala pang'ono. Paipi iliyonse ili ndi khalidwe lake, ina pa ma thou 8 imaponya ngati quarter yabwino, ina imafuna 12. Amisiri akale a ku London ndi Birmingham ankatero, kupala pang'ono, kukawombera pa chitsulo chopaka laimu, kubwerera, mpaka mfuti iponye mmene mwini wake anapemphera ndi katiriji yake. Ngati mukupereka kwa mmisiri, mupatseni bokosi la makatiriji anu ndipo mumuuze maperesenti ndi mtunda, osati dzina la tchoki lokha. Malizani paipi imodzi, mukhutire nayo, kenako mupite pa inzake, ndipo muike tepi pa imene simukugwira, anthu amasokoneza kumanja ndi kumanzere mapaipi akatembenuzidwa mu vayisi, zimachitika ndithu.

Ma thou awiri omaliza ndi a kusalaza. Amagwiritsa ntchito hone, kaya ya miyala kaya ija ya timipira pa waya ngati Flex-Hone, ndi mafuta, mukuyendetsa mmbuyo ndi mtsogolo osaima malo amodzi, masekondi ochepa nkuyeza. Hone ndi yochotsera mizere ya reamer basi, musaigwiritse ntchito kutsegulira tchoki yonse, ndipo zomata sandpaper pa ndodo nkuika pa drill zimasiya pakamwa potambasuka ngati lipenga kapena popwadika. Reamer imasiya kagawo kowongoka kotalikirapo kumapeto, zimenezo zilibe vuto, koma pomwe kuchepa kukukumana ndi kagawoko pasakhale kasitepe kakuthwa. Pomaliza chotsani kachitsulo kotsalira mmphepete mwa kamwa mopepuka, tsukani kawiri katatu mpaka kansalu kazituluka koyera, pakani mafuta pang'ono. Kachidutswa kamodzi kotsalira kamakanda paipi yonse pakuwombera koyamba.

Kenako tulutsani mapepala akale aja. Womberaninso pa 16 kuona ngati mapaipi akumenyabe pomwe ankamenya, pa 40 kuwerenga, ndi pa mtunda wanu kuona kudzaza kwake. Lembani manambala atsopano pa kapepala muike mu chikwama cha mfuti, ndipo tsiku lomwe mudzagulitse mudzamuuze wogula kuti zidindo zapansi sizikunenanso zoona.

Mukapitirira muyezo, kapena mukufuna zosinthasintha

Zikachitika kuti mwatsegula kwambiri, kapena mwagula mfuti yoti wina anadula kale mapaipi, pali njira yotchedwa jug choke, mmisiri amakuza mkati pang'ono kumbuyo kwa kamwa, mainchi angapo, kuti machaka atambasuke kenako atsinidwenso potuluka. Imabweza ma thou ochepa, mwina kufika improved cylinder kapena quarter, ndipo imafuna khoma lokhuthala, si mfuti iliyonse ingalole.

Njira ina ndi kuikitsa matchoki omanga ndi mazinga, opyapyala, ngati amene amapanga a Teague kuno ku England kapena a Briley ku Houston ku Texas. Akaika bwino sizioneka nkomwe kunja ndipo mumasintha mmene mukufunira, lero woodcock mawa fezanti zammwamba. Iwo amayamba ayeza ngati chitsulo cha pakamwa chikukwanira. Kuno mfuti ikadulidwa mazinga imayenera kubwerera ku proof house, koyezera kulimba kwa mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813, kukayezedwanso, chifukwa kugulitsa mfuti yotuluka mu proof ndi mlandu. Mtengo wake pa mfuti wamba ya ku Spain umatha kuposa mtengo wa mfutiyo, ndipo mudzakhala ndi ntchito yomasula, kutsuka ndi kupaka girizi pa mazinga nthawi ndi nthawi, mukaiwala nyengo yamvula zimagwirana ndi dzimbiri. Kwa munthu wa mfuti imodzi yosakira chilichonse nzomveka. Kwa ine amene ndimayenda mmalire a minda omwewo ndi galu yemweyo chaka ndi chaka sindinaone chifukwa.

Yanga inali ma thou 22 kumanja ndi 38 kumanzere. Ndinapita nayo kwa mmisiri wachikulire, ndi bokosi la magalamu 28 nambala 6 a fibre, tinagwirizana zotsitsa kawiri. Ulendo woyamba anaima pa 12 ndi 24, ndinakawombera mapepala Loweruka, kumanzere kunali bwino kale ndiye sitinakugwirenso, kumanja ndinapempha achotseko ena atatu. Inathera pa 9 ndi 24, ndipo pa 1 October, tsiku lotsegulira fezanti, ndinali nayo mmunda wa ziputu za barele.